OPHUNZIRA ZA UINJINIYA AKAPHUNZIRE KU CHIGWA CHA DOMASI

Chaka chilichonse sukulu za ukachenjede za dziko lino zimatulutsa anyamata ndi asungwana amene atsiriza maphunziro a uinjiniya. Ena amachokera ku sukulu ya mu mzinda wa Blantyre imene idatsegulidwa mu 1965 ndi dzina la Polytechnic, ndipo kuyambira mu 2021 idayima payokha nitenga dzina la MUBAS. Ena amachokera ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, imene idayamba kulandira ophunzira mu 2014. Enanso amachokera ku Bunda, kumene amaphunzira za makina a ulimi ndi za ulimi wothirira. Achinyamata amenewa ndiwo adzamange milatho, madamu, ngalande, misewu ndi mafakitale zimene mtundu wa Amalawi udzadalire zaka makumi asanu zikudzazi. Motero zimene zikulowa m'mitu mwawo lero zikhudza mlimi aliyense, wokhoma msonkho aliyense, ndiponso wantchito aliyense wa Boma amene tsiku lina adzasaine pepala lovomereza ntchito ya manja awo.

Masiku ano m'makalasi mwa ophunzirawa mwalowa mawu awiri amene kale sankamveka. Oyamba ndi akuti chitukuko chokhazikika, ndiye kuti chitukuko chimene chithandiza anthu a lero popanda kulanda ana a mawa nthaka, madzi ndi mitengo. Mawuwa adawanda mu 1987, pamene bungwe lotsogozedwa ndi Mayi Gro Harlem Brundtland a ku Norway lidapereka lipoti lake ku United Nations, ndipo mu 2015 maiko adagwirizana pa zolinga 17 za chitukuko chotere. Achiwiri ndi akuti chuma chozungulira, chimene Azungu amachitcha circular economy. Tanthauzo lake ndi ili: m'malo mokumba, kupanga, kugwiritsa ntchito ndi kutaya, monga achitira mafakitale ambiri, chinthu chipangidwe mwa njira yakuti chikhalitse, chikawonongeka chikonzedwe, chikatha mphamvu chiphwasulidwe kuti zipangizo zake zigwirenso ntchito, ndipo zotsala za ntchito imodzi zikhale chiyambi cha ntchito ina. Dziko la China lidakhazikitsa lamulo la chuma chotere mu 2008, maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya adakonza dongosolo lawo mu 2015, ndipo mu 2017 maiko a Rwanda, Nigeria ndi South Africa adayambitsa mgwirizano wa mu Afrika pa nkhani yomweyi.

N'chinthu chabwino kuti ophunzira adziwe zaka ndi maina amenewa. Koma kudziwa mawu n'kosiyana ndi kudziwa ntchito. Wophunzira angathe kuloweza tanthauzo lonse, nakhoza mayeso, nalandira digiri yake pamaso pa makolo ndi abale, koma atapatsidwa ntchito yomanga mpope wa madzi pamudzi n'kusankha makina amene kachitsulo kake kamodzi kokha kakathyoka, mudzi wonse ubwerera kukatunga kumtsinje. Muyeso woona wa injiniya uli pa mafunso atatu. Chinthu chimene wamangachi chikawonongeka adzakonza ndani, ndipo ndi zida zochokera kuti? Zotsala zake zidzapita kuti? Nanga madzi, nkhuni, mwala kapena mafuta zimene chidalira zidzakhalapo kufikira liti? Mafunso amenewa sayankhika bwino pabolodi. Malo amodzi m'dziko muno kumene onse atatu aonekera poyera, pa mtunda woti munthu angauyende panjinga, ndi chigwa cha Domasi m'boma la Zomba.

KUMENE KULIBE KOTAYA

Mtsinje wa Domasi uyambira m'chigwa chimene chilekanitsa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa, nutsikira cha kum'mawa, kudutsa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, kufikira ukathira m'nyanja ya Chilwa. Nkhalango ya phiri la Zomba idatetezedwa ndi lamulo mu 1913, ndipo ya Malosa mu 1924, chifukwa ngakhale masiku amenewo kudadziwika kuti mitsinje ya chigawo chimenechi imwa m'mapiri awiriwa. Nyanja ya Chilwa ndi yosiyana ndi nyanja ya Malawi, pakuti ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake monga Shire. Madzi ake achoka pouma ndi dzuwa basi. Choncho dothi lililonse lokokoloka m'phiri, mankhwala alionse otsukidwa m'munda, ndi pepala lililonse la pulasitiki loponyedwa m'ngalande, zikafika kumeneko zafika. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, asodzi a matemba, makumba ndi milamba a ku Kachulu ndi madooko ena nakhala manja lende. Idalembedwanso m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse lapansi pansi pa pangano la Ramsar.

Munthu wa mu mzinda akanena kuti wataya chinthu, atanthauza kuti wachichotsa pamaso pake. Wophunzira amene angayende kuchokera kumene mtsinje wa Domasi uyambira kufikira kumene uthera adzaona ndi maso ake kuti chimene wa kumtunda ayesa wataya, wa kumunsi amachilandira pakhomo pake. Limeneli ndilo phunziro loyamba, ndipo maphunziro ena onse a chuma chozungulira atsamira pa ilo.

SIKIMU YA MPUNGA

Kumunsi kwa mtsinjewu, m'malire a maboma a Zomba ndi Machinga, kuli sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500, imene idamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi chithandizo cha akatswiri a ulimi ochokera ku Taiwan. Madzi ake sakokedwa ndi injini. Amapatutsidwa pamtsinje, nayenda okha m'ngalande yaikulu, kulowa m'ngalande zazing'ono, kufikira m'zigawo za alimi. Imeneyi idali nzeru ya uinjiniya yoyenera dziko losakumba mafuta, ndipo n'chifukwa chake sikimuyi yadyetsa mabanja zaka zopitirira makumi asanu. Kwa nthawi yaitali idayendetsedwa ndi Boma, koma potsatira lamulo la ulimi wothirira la 2001 udindo woiyang'anira udaperekedwa m'manja mwa bungwe la alimi eni ake ogwiritsa ntchito madziwo.

Kusintha kumeneku kudaika poyera funso loyamba lija. Pamene mwini wake wa ngalande ndi mlimi wa kachigawo kakang'ono, chitseko cha madzi chimene chifuna katswiri wochokera ku Blantyre kuti achikonze chasanduka katundu wolemera pamutu pake. Chitseko choyenera ndi chimene wowotcherera zitsulo wa pa Songani angachipange ndi kuchikonza. Funso lachitatu nalonso lili pomwepo. Mitengo ikamatha m'mapiri chifukwa cha makala ndi minda ya m'malo otsetsereka, madzi a mvula satsikiranso pansi kuti azituluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Amathamanga onse nthawi imodzi m'dzinja atasenza mchenga ndi matope, nakwirira ngalande, ndipo pofika mwezi wa Okutobala mtsinje wachepa, alimi nayamba kukanganirana madzi. Injiniya amene adziwa kuwerengera kukula kwa ngalande koma osatukula maso kuyang'ana kuphiri adzamanga chinthu chokongola chimene chidzadzale mchenga.

Vuto lomweli lakhala likusautsa malo opangira magetsi pa mtsinje wa Shire, kumene matope ndi zinyalala zimachepetsa mphamvu ya makina a pa Nkula. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la pa Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kumwera, nakokolola milatho, misewu ndi ngalande. Wophunzira wa lero ayenera kuzindikira kuti mvula imene adzamangire milatho yake si yofanana ndi imene idalembedwa m'mabuku a aphunzitsi a aphunzitsi ake.

DZIWE LA NSOMBA

Phunziro lokoma koposa lili pa malo a Boma ofufuzira za ulimi wa nsomba ku Domasi, amene adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. M'zaka za m'ma 1980 kudabwera akatswiri a bungwe la ICLARM, limene tsopano litchedwa WorldFish, ndipo pamodzi ndi a nthambi ya za nsomba adagwira ntchito ndi alimi a m'boma la Zomba pa njira yolumikiza dziwe ndi munda. Njira yake idali yosavuta kuimva. Madeya a chimanga, masamba otsala kudimba ndi udzu zipita m'dziwe kukadyetsa makumba ndi chilunguni. Zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi zithiridwa m'madzi kuti mumere tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, n'chifukwa chake dziwe losamalidwa bwino limaoneka lobiriwira. M'chilimwe madzi a m'dziwe athirira ndiwo zamasamba ndi nthochi za m'mbali mwake. Dziwe likaphwetsedwa, matope a pansi pake, amene ali ndi chonde chambiri, apita kumunda monga manyowa. Munda ubala chimanga, chimanga chipita kuchigayo, madeya nabwerera kudziwe.

Akatswiriwo ankapempha alimi kuti ajambule pansi zinthu zonse za pakhomo pawo, khola, dimba, munda ndi dziwe, ndi kulemba mivi yosonyeza kumene chotsala chilichonse chipita. Mlimi akaona kuti pali chotsala chopanda muvi, ankadziwa kuti pamenepo pakutayika chuma. Pa chilala cha 1992 kudaoneka kuti mabanja okhala ndi maiwe otere adapirira bwino koposa anzawo, chifukwa madzi a m'dziwe adapulumutsa ndiwo zawo. Tsono chithunzi cha mivi yozungulira chimene wophunzira wa uinjiniya akuchiona lero m'buku lochokera ku Ulaya, alimi a ku Zomba adachijambula ndi kamtengo padothi zaka zopitirira makumi atatu zapitazo. Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Wophunzira asanyoze nzeru chifukwa chakuti waipeza kwa munthu wovala zigamba.

Komabe mlimi ali ndi malire ake, ndipo pamene pathera mphamvu yake ndi pamene payenera kuyambira ntchito ya injiniya. Mlimi alibe chida choyezera kuti dziwe lake likutaya madzi ochuluka bwanji pansi. Alibe makina otsika mtengo oumbira chakudya cha nsomba kuchokera ku madeya ndi soya. Alimi ambiri tsopano akupanga manyowa otchedwa Mbeya posakaniza phulusa, madeya, ndowe ndi feteleza pang'ono, nazisunga m'thumba masabata atatu, koma ntchito yonseyi amaigwira ndi manja ndipo mphamvu ya thumba lina isiyana ndi ya thumba linzake. Apa pali ntchito yokwanira ophunzira ambiri.

MANKHUSU A MPUNGA

Aliyense wodutsa pa zigayo za mpunga za m'dera la Chilwa amaona milu ya mankhusu kuseri kwake, ina ikufuka utsi. Pa makilogalamu 100 alionse a mpunga wosapuntha, pafupifupi makilogalamu 20 ndi mankhusu. Mankhusu amenewa angathe kupanikizidwa kukhala zigulumwa zophikira m'malo mwa makala. Akatenthedwa mosamala, pa moto wosapitirira madigiri 700, amasiya phulusa lokhala ndi silika wambiri, ndipo akatswiri a zomangamanga m'maiko olima mpunga adatsimikiza kale kuti phulusa lotere, likaperedwa bwino, lingalowe m'malo mwa gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a simenti popanda kufooketsa chomangacho.

Nkhani imeneyi ikhudza boma la Zomba mwa njira ziwiri. Poyamba, njerwa zootcha zatha mitengo yambiri, kotero kuti mu 2018 padakhazikitsidwa malamulo oletsa njerwa zotere pa ntchito zikuluzikulu za zomangamanga, ndipo zimenezi zachulukitsa kufunika kwa simenti. Kachiwiri, anthu a ku Zomba akumbukira Changalume, kumene kwa zaka zambiri kunkakumbidwa mwala wopangira simenti, kufikira pamene ntchitoyo idatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mgodi uli ndi tsiku lake lomaliza, pamene mankhusu abwera chaka ndi chaka malinga ngati mtsinje uyenda. Chikusowa ndi ng'anjo yabwino yotenthera, chigayo choperera phulusa, ndi munthu wophunzira woti ayeze mphamvu ya njerwa zake, kuti Boma ndi omanga nyumba azikhulupirire. Wophunzira amene angachite zimenezi adzathandiza phiri, mlimi ndi thumba la dziko pa ntchito imodzi.

MJIGO NDI MPOPE

Pa nkhani ya zinthu zokonzeka pamudzi, dziko lino lili ndi mbiri imene ophunzira ambiri saidziwa. Mu 1968 ku Chingale, m'boma lomweli la Zomba, kudayamba ntchito ya mipope ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri. Anthu a m'midzi adakumba okha ngalande zoyalamo mapaipi pa ntchito yodzithandiza, Boma nkupereka zipangizo ndi alangizi, ndipo njira imeneyi idafalikira ku Mulanje ndi m'maboma ena, alendo a maiko akutali nabwera kudzaiphunzira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi m'boma la Ntcheu, kudayesedwa mjigo wotchedwa Maldev, umene utawongoleredwa ku Kenya udasanduka Afridev, mjigo umene uli ponseponse m'midzi ya dziko lino. Ubwino wake ngwakuti amene adaupanga adayamba aganizira za tsiku limene udzawonongeke. Zitsulo za m'kati mwake zimasololoka popanda kuzula mapaipi, zimene zimatha msanga ndi timphira ndi tizipangizo ta pulasitiki totsika mtengo, ndipo amayi a m'komiti ya mjigo angathe kuukonza ndi sipanala imodzi ndi ndodo yokowera.

Ayerekeze zimenezi ndi mipope ina imene idabwera m'maiko a kuno pakati pa 2006 ndi 2010, yopangidwa ngati chozungulira choseweretsa ana, yakuti ana akamasewera madzi azikwera m'thanki. Pazithunzi idali yokongola ndipo opereka ndalama adaikonda. Koma ana akatopa kapena akapita kusukulu, amayi ndiwo ankavutika kuzungulitsa chitsulo cholemeracho, ndipo ukawonongeka panalibe wa pamudzi wodziwa kuukonza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mijigo iwiriyi iyenera kuphunzitsidwa pamodzi m'chaka choyamba cha wophunzira aliyense wa uinjiniya.

Lero kwabwera zipangizo zoyendera mphamvu ya dzuwa, ndipo n'zothandiza kwambiri kumidzi kumene mawaya a magetsi sadafike. Koma galasi lokolola dzuwa likhoza kukhala zaka makumi awiri kapena kupitirira, pamene batire lake limatha m'zaka zochepa, ndipo mabatire ambiri ali ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana ukalowa m'dothi ndi m'madzi. Pulasitiki nayo yadzaza misika. Boma lidaletsa mapepala apulasitiki opyapyala ochepera mamaikuroni 60 mu 2015, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019. Lamulo lingaletse chinthu, koma kupanga cholowa m'malo mwake ndi kupeza kopita ndi zimene zatayidwa kale ndi ntchito ya injiniya.

AMENE ATSUTSA

Alipo ena amene anena kuti zonsezi ndi nkhani za maiko olemera, amene adawononga dziko lapansi ndi utsi wa mafakitale awo, ndipo tsopano afuna kuuza osauka kuti azitola zinyalala. Iwo ati Malawi afunika mafakitale, misewu ndi magetsi, osati maphunziro a kusamala. M'mawu amenewa muli choona, pakuti utsi umene dziko lino litulutsa ngwochepa kwambiri poyerekeza ndi wa maiko otukuka, ndipo palibe Mmalawi wanzeru amene angakane mafakitale. Koma otsutsawo aiwala kuti amene asowa ndalama ndiye ayenera kusamala koposa. Feteleza, mafuta, zitsulo ndi zida za makina zigulidwa ndi ndalama zakunja, zimene dziko lino lipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Kwacha idatsika mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Pa nthawi yotere, makina alionse okonzedwa m'malo mogula atsopano, ndi thumba lililonse la manyowa lolowa m'malo mwa feteleza, ndi ndalama zotsala zogulira mankhwala a m'zipatala.

Ena, makamaka pakati pa ophunzira eni ake, aganiza kuti ntchito yotere ndi yonyozeka, yoyenera okhoma zidebe ndi osoka nkhwayira za matayala, osati munthu amene wakhala zaka zinayi kapena zisanu pa yunivesite. Iwo alakalaka ofesi ya mu mzinda ndi galimoto ya kampani. Awa akumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14, pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo za njinga, mapaipi ndi zotayidwa zina, dzina lake nkumveka dziko lonse lapansi. Akumbukirenso kuti mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 udatseka malire, ophunzira ndi aphunzitsi a m'sukulu zomwezi adapanga zotchinga kumaso ndi zosambira m'manja pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka konkuno. Luso lilipo. Ndiponso amisiri a m'misika afunika wophunzira pambali pawo, chifukwa si zonse zimene amachita zili zabwino. Wosungunula zitsulo zakale kuti aumbe mapoto sangadziwe ngati mwalowa mtovu, ndipo wotentha mawaya kuti atenge kopa amapuma utsi wa poizoni. Umphawi suyenera kutamandidwa. Chofunika n'chakuti chimene anthu achita chifukwa cha kusowa chisanduke ntchito yoyezedwa bwino, yosavulaza ndi yopindulitsa.

ZOYENERA KUCHITIKA

Poyamba, akuluakulu a mayunivesite aonetsetse kuti wophunzira aliyense, asanalandire digiri, wakhalako miyezi ingapo pamalo monga Domasi, akugwira ntchito ndi bungwe la alimi a pasikimu, eni zigayo, alimi a nsomba kapena komiti ya mjigo. Ntchito yake ya chaka chomaliza ichokere pa vuto limene waliona kumeneko. Poichonga, aphunzitsi afunse mafunso atatu aja, ndipo wophunzirayo akafotokoze ntchito yake pamaso pa eni ake m'Chichewa kapena m'Chiyao, pakuti chimene munthu sangathe kuchifotokozera agogo ake ndiye kuti sadachimvetse. Bungwe la Malawi Engineering Institution, limene lili ndi udindo wolembetsa mainjiniya, liike nkhani imeneyi pakati pa zimene munthu ayenera kudziwa asanaloledwe kugwira ntchito.

Kachiwiri, ogwira ntchito m'Boma azindikire kuti wophunzira amaphunzira chimene aona kuti chigulidwa. Ngati maofesi asankha katundu poyang'ana mtengo wa tsiku logula lokha, palibe injiniya amene adzadzivute kupanga chinthu chokhalitsa. Wolemba mapepala a matenda afunse za zida zosinthira, za amene adzakonze, ndi za mtengo wa zaka khumi. Kuseri kwa maofesi ambiri kuli magalimoto, majenereta ndi makina ena amene akuchita dzimbiri podikira chilolezo choti agulitsidwe. Ena mwa iwo angaperekedwe, potsata dongosolo, ku sukulu za uinjiniya kuti ophunzira awaphwasule, apeze chimene chidawapha, ndi kudzutsa amene angadzuke. Mabuku a miyeso ya mvula ndi ya madzi a m'mitsinje asatsekeredwe m'makabati pamene ophunzira akuwafuna.

Kachitatu, mafumu ndi atsogoleri a m'madera awalandire achinyamatawa akafika, awauze mavuto enieni osati owasangalatsa, ndipo iwonso aphunzire kufunsa. Mlendo aliyense wobwera ndi chitukuko pamudzi afunsidwe mwaulemu kuti chikawonongeka adzakonza ndani. Safunsa adadya phula. Atsogoleri omwewo ndiwo ali ndi mphamvu yoteteza mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo popanda mitengoyo nzeru zonse za mainjiniya zidzathera mumchenga.

Kachinayi, nkhaniyi isadikire yunivesite. Ku Domasi komweko kuli Malawi Institute of Education, kumene kukonzedwa zimene ana a sukulu aphunzira, ndiponso Domasi College of Education, kumene kusulidwa aphunzitsi a sukulu za sekondale. Maiwe a nsomba ali pafupi ndi makomo awo. M'mera mpoyamba. Mwana amene adajambulapo mivi ya zotsala za pakhomo pa makolo ake ali mu Sitandade 6 sadzavutika kumvetsa chuma chozungulira akadzafika ku MUBAS kapena ku MUST.

Mu Januwale 2021 dziko lino lidakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, akuti pofika chaka chimenecho likhale dziko lodzidalira ndi la mafakitale. Wophunzira wa zaka 22 lero adzakhala akuyandikira zaka 60 pa nthawi imeneyo, ndiye kuti moyo wake wonse wa ntchito uli m'kati mwa masomphenyawa. Anthu a ku Domasi sadzamufunsa za tanthauzo limene adaloweza pa mayeso. Adzayang'ana ngati mtsinje ukuyendabe mu Okutobala, ngati chitseko cha ngalande chikutseguka, ngati mjigo ukutulutsa madzi, ndiponso ngati m'nyanja ya Chilwa mukadali matemba. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'Boma ndi atsogoleri a m'madera ali ndi udindo womukonzekeretsa tsopano, iye akadali pasukulu.